Tsiku limene ndinabweza mthenga wa adada

Chaka chimene ndinapita kwathu ku Magodi kukafufuza mmene anthu akumudzi amafunira nzeru akasowa pogwira, adada anali akudwala, ndipo nzeruyo ankaifuna kwa ine. Tinakhala pakhomo limodzi masabata asanu ndi limodzi, ine ndili ndi chikwama chodzaza mafomu ofunsira anthu, iwo ali ndi funso limodzi lokha, ndipo ndinabwerera ku Lusaka osalimva. Ndayamba ndi zimenezi kuti musafulumire kundiyamikira, chifukwa penapake m'nkhaniyi ndimaoneka ngati munthu wanzeru.

Kafukufukuyo mwini wake anali pulofesa wina wa pa yunivesite imene ndinkachitirako digiri yachiwiri ya za malaibulale. Ine ndinali miyendo yake. Anali munthu wamtali, wa ndevu zopesedwa, amene anakhalitsa kunja n'kubwerako ndi chikhulupiriro chakuti anthu onse pansi pano ali m'magulu anayi: ophunzira poona, ophunzira pomva, ophunzira powerenga ndi ophunzira pochita. Ankati ukangodziwa gulu la munthu, wadziwanso kumene amathamangira akafuna kudziwa kanthu. Zimenezi anali ataziyesa kale pa ana a sukulu a m'tauni, tsopano ankafuna alimi. Anandisankha chifukwa ndimalankhula Chitumbuka, komanso chifukwa kwathu ndinali ndi pogona paulere. Chachiwirichi sananene.

Ndisananyamuke anandipatsa malamulo awiri, ndipo ndinawalemba ndi inki yofiira mkati mwa chikuto cha kope langa. Loyamba linali lakuti ndisafunse m'bale wanga aliyense, poti m'bale amayankha mokondera. Lachiwiri linali lakuti munthu aliyense adziyankhire yekha. "Fomu imene wina wayankhira mnzake ndi fomu yowola," anatero. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva mawu a m'Buku Lopatulika. Sindinamuuze kuti lamulo loyamba lokha likuchotsa theka la Magodi.

Masiku onse ndikamabwera kumudzi, adada ankapalasa njinga mpaka pa boma, ku Lundazi, kudzandichingamira potsikira maminibasi ochokera ku Chipata. Chikwama ankamangirira pakaliyala, n'kumayenda pambali panga akundiuza za ng'ombe iliyonse, imene yabereka ndi imene yaswa mpanda. Ulendo uwu anabwera amalume, mchimwene wa amayi, amene ife timawaitana kuti asibweni. Anati adada atanganidwa. Nditafika ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, osatanganidwa ndi chilichonse. Lamlungu ku tchalitchi, munthu amene zaka zonse ankakhala kutsogolo ndi akulu anzake anakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo, ndipo ulaliki usanathe anatuluka kawiri. Tiyi, amene kale ankamwa makapu awiri osapuma, ankamukankhira kwa amayi. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, n'kunena mumtima kuti mdala wayamba kukalamba. Malinga ndi fomu yathu, ine ndinali wophunzira poona.

Ntchito ndinayambira kwa mlimi wina wa fodya wa mudzi woyandikana nafe, nditatsimikiza kuti si m'bale wathu, kungoti ng'ombe zake zinachokera m'khola mwathu. Ndinamufunsa kuti kulima anaphunzira bwanji, poona, pomva, powerenga kapena pochita. Anaganiza nthawi yaitali, akukanda chibwano, kenako anati anaphunzira pokwapulidwa. Pa fomu panalibe bokosi la mkwapulo. Ndinakwera pachulu pamene foni imagwira, n'kuimbira pulofesa. Iye anati ndimuike m'gulu la ophunzira pochita, ndipo ndinamuikamo, ngakhale kuti wochitayo anali bambo wake.

Pofika tsiku lachitatu mbiri inali itanditsogolera. Inati mwana wa a uje wabwera ndi mapepala ochokera ku Lusaka, akulemba mayina a olandira feteleza, ndipo amene anene kuti amaphunzira pochita alandira matumba awiri, koma onena kuti amawerenga aonedwa ngati olemera. Amene anayambitsa sindimudziwa mpaka lero. Ndinkafika pamudzi pamene sindinapondepo chibadwire, mayi ali pamtondo n'kukuwa ndisanatsike n'komwe panjinga: "Ine pochita, mwana wanga, lemba!" Ankadziwa mafunso onse ndi ndondomeko yake. Tsiku lina masamba awiri anamatirirana, ndipo gogo wina wosadziwa kulemba dzina lake anandigwira dzanja. "Walumpha la wailesi," anatero. Ndinabwerera m'mbuyo, ndipo linalidi la wailesi. Madzulo ake ndinakhala pakhonde n'kulemba pa laputopu kuti anthu a dera lino alibe njira zodalirika zofalitsira uthenga.

Sabata lachitatu pulofesa anabwera kudzaona ntchito. Ku Magodi sanafike, anati msana. Anagona pa nyumba ina ya alendo pa boma, ndipo ndinamutengera ku Msika wa Lundazi kuti akaone oyankha mafunso ndi maso ake. Anayamba wagula nyemba zoti akapatse akazi ake, kenako anasankha mayi wina wogulitsa nshawa, mtedza wa kwathu, pa tebulo loyandikana nalo, n'kumufunsa yekha m'Chinyanja chake cha ku Lusaka.

"Amai, mukafuna kudziwa mtengo wa nshawa ku Chipata, mumayenda kuti? Ku wailesi, ku nyuzi, ku intaneti olo ku laibulale?"

"Nimafunsa kondakitala wa minibasi."

"Nanga akakunamizani?"

"Nimafunsa mkazi wake."

Pulofesa anandiyang'ana n'kunena kuti mkazi wa kondakitala si gwero lovomerezeka la chidziwitso, ndimulembe m'bokosi la "zina". Mayiyo anadikira kuti ndimalize kulemba, kenako anafunsa lake.

"Manje imwe abwana, mukafuna kudziwa kanthu mumafunsa ndani?"

"Ine nimawelenga."

"Ndiye chake mwagula nyemba za chaka chatha," anatero mayi uja, akuloza pepala limene linali m'khwapa mwa pulofesa. "Mukanafunsa."

Msika wonse wa mbali imeneyo unaseka, ngakhale wogulitsa nyembayo. Ine ndinaluma mlomo chifukwa digiri yanga inali m'manja mwa munthu wosekedwayo. Potsiriza pa kafukufuku bokosi la "zina" linanenepa kuposa mabokosi ena onse pamodzi, ndipo pulofesa anati tilichotse pa chithunzi chifukwa likuononga maonekedwe.

Chimene chinamukwiyitsa kwenikweni si nyemba. Masana omwewo anasanthula mafomu anga n'kupeza kuti angapo ndi owola. Zinali chonchi: funso lomaliza pa fomu linkati, kodi pali chinthu chimene mukufuna kudziwa pakalipano koma mulibe kofunsa? Anthu atazindikira kuti feteleza kulibe, anagwira funso limeneli. Anaganiza kuti pepalalo likapita ku Lusaka, yankho lidzabwerako. Ndipo anayamba kutumizana. Mkazi ankabwera kudzafunsira apongozi ake, mwamuna kudzafunsira mlamu wake, wina kudzafunsira mnzake amene ng'ombe zake zikutsokomola koma safuna kuti aneba adziwe. Ine poyamba ndinkangolemba, n'kuika pambali kuti wafunsira uje. Pulofesa anandikalipira pabwalo la nyumba ya alendoyo, wogwira ntchito akusesa pafupi, nati ngati sindingathe kusunga malamulo awiri okha, mwina za kafukufuku si mbali yanga. Ndinapalasa njinga kubwerera ku Magodi misozi ili m'maso, ndikulumbira kuti wotumidwa wina aliyense adzandiona.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene ndinkachidziwa bwino lomwe. Kwathu nkhani yolemera mwini wake sainyamula. Wofuna mkazi amatuma mthenga, amene kwathu timati thenga, wolakwira mnzake amatuma munthu, ngakhale wofuna kubwereka ng'ombe zolimira amayamba watumiza mawu. Nkhani ikakhala ya m'munsi mwa lamba, bambo sangaitchule kwa mwana wake wamkazi ngakhale mpeni uli pakhosi. Amayi nawonso sangainyamule, poti kutero kuli ngati kuvula amuna awo pamaso pa mwana. Imadzera kwa mlamu, chifukwa mlamu ndiye amene mumanyozana naye n'kuuzana chilichonse. Zimenezi palibe anandiphunzitsa pa fomu, ndinakulira momwemo. Nkhani ya ukwati wa mkulu wanga inayenda choncho ine ndikuphikira mathenga tiyi. Koma sabata limenelo ndinali munthu wa inki yofiira.

Patapita masiku awiri, Lachinayi m'mawa, adada anatsekula khola okha n'kupita ndi ng'ombe kudambo, chinthu chimene anali asanachite chibwerere changa. Amayi ananyamula khasu n'kunena kuti akupita kudimba, ngakhale anali atathirira dzulo lake. Pakhomo panatsala ine ndekha pansi pa mango, ndikulowetsa mayankho mu laputopu batire ili pafupi kutha. Ndiye anatulukira amalume. Anali atavala jekete ya Lamlungu pakati pa sabata. Sanakhale pampando umene ndinawapatsa, anakoka kampando kafupi, anavula chipewa n'kuchiika pabondo, ndipo anawomba m'manja.

"Monile, amama."

"Yewo, asibweni. Si taonana kale m'mawa ku mjigo?"

"Ku mjigo unaonana na asibweni ako. Apa nabwela wotumiwa."

Jekete, kampando, chipewa pabondo, bwalo lopanda munthu. Mwana wa zaka khumi wa ku Magodi akanatseka laputopu n'kukhala pansi. Ine nditangomva mawu akuti wotumidwa, magazi anakwera kumutu.

"Pali munthu wanituma," anapitiriza amalume. "Wamva kuti pa pepala lako pali malo olembapo chimene munthu afuna kudziwa koma alibe kofunsa."

"Malowo alipo. Mwini wake abwele yekha."

"Sangabwele."

"Sayenda?"

"Kuyenda ayenda."

"Ndiye abwele. Ine nili pano masabata ena atatu."

Amalume anatembenuza chipewa pabondo, anayang'ana kumbuyo ngati pali wina womvetsera, n'kutsitsa mawu. "Mwana wanga, ni nkhani ya amuna akuluakulu. Munthuyo akapita kuseli..."

Sindinawalole kumaliza. Ndinatsegula kope langa n'kuwaonetsa inki yofiira ija, munthu amene maso ake sankaona zilembo popanda magalasi a amayi. "Asibweni, onani. Lamulo loyamba, m'bale safunsidwa. Imwe ndinu m'bale. Lachiwili, munthu adziyankhile yekha. Imwe mwatumiwa. Mwaphwanya onse awili mutangokhala pa kampando kamodzi." Ndinaseka, ndikuganiza kuti ndanena zoseketsa. Iwo sanaseke.

"Nikamuuze chiyani wonitumayo?"

"Mukamuuze kuti safunsa anadya phula. Abwele afunse yekha."

Anayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pafupi ndi nkhokwe. Kenako anavala chipewa, anati "Yewo," n'kunyamuka. Ndinawayang'ana akulowera njira ya kudambo, ndipo chimene ndinaganiza ndi chakuti batire yatsala pang'ono.

Zimene anakanena kudamboko ndinazidziwa patapita miyezi inayi. Amalume sakanatha kukauza mlamu wawo kuti mwana amene munagulitsira ng'ombe kuti aphunzire wabweza mthenga wanu ndi mwambi. Anakanena kuti mwana wamva, wati nkhaniyi ndi yaikulu, aitengera ku Lusaka kumene kuli mabuku ndi madotolo aakulu, ndipo yankho lidzabwera. Madzulo a tsiku limenelo adada anabwera kudambo akuimba mluzu. Anauza amayi kuti aphe tambala. Pa chakudya anandifunsa ngati laibulale ya ku yunivesite ndi yaikulu kuposa sitolo ya Mmwenye ya pa boma, ndipo nditati ili ndi nyumba zosanjikizana anagwedeza mutu mokhutira. Ine ndinaganiza kuti potsiriza mdala wayamba kunyadira maphunziro anga, ndipo ndinadya chiwindi ndi nthutumba zomwe.

Tsiku lonyamuka anandimangira thumba la nshawa, n'kundiperekeza mpaka pamsewu, pang'onopang'ono. Pondisiya anati, "Usafulumile, mwana wane. Uchite bwinobwino." Ndinati ndichita bwinobwino, ndikunena za digiri.

Ku Lusaka tinakhala pa makompyuta ine ndi pulofesa, tikusandutsa Magodi kukhala mizere ndi mabokosi amitundumitundu. Mafomu onse a otumidwa tinawaika m'katoni ina. Otsalawo, poti anali a anthu odziyankhira okha pamaso pa mwana wamkazi wa mnansi wawo, pa funso lomaliza ananena za mitengo ya fodya, za mbewu ndi za mankhwala a nkhupakupa. Za m'thupi panalibe ndi mmodzi yemwe. Choncho tinapeza, mwasayansi, kuti alimi a ku Lundazi ambiri amaphunzira pochita, ndipo nkhani za umoyo sazifunafuna. Chiganizo chachiwirichi ndinachilemba ine, ndipo pulofesa anachikonda kwambiri moti anakachiwerenga pa msonkhano wa ophunzira anzake mu hotela ina, anthu akuwomba m'manja pakati pa tiyi ndi masamusa. Wina anaimirira n'kunena kuti m'pofunika kuphunzitsa anthu akumudzi kufunsa. Ndinalemba mfundo imeneyo m'kope.

Nthawi yonseyi adada ankadikira. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti ankati akawachonderera kuti apite kuchipatala cha pa boma, ankayankha kuti kupita kwa madotolo aang'ono mwana ali mkati mofunsa aakulu ndi kumunyoza mwanayo. Amalume anayesa kuwakankha, koma bodza linali lawo lomwe, ndipo akanalimasula bwanji osandivula ine? Minibasi ikabweretsa katundu wa munthu wina pamudzi, adada ankatuma wofunsa ngati palibe kalata. Kawiri konse amayi anakwera pachulu paja n'kundiimbira. Tikatha za mvula ndi za maliro a kumidzi, ankafunsa motsitsa mawu kuti, "Zija anakuuza asibweni ako, ukuziona?" Sindinafunse kuti ziti. Ndinayankha mmene ife a m'tauni timayankhira chilichonse chochokera kumudzi foni ikamadya ndalama ndipo ntchito ili patebulo. Ndinati, "Eya amama, nikuziona."

Foni yachitatu anaimba amalume, mvula yoyamba itangogwa. Anati adada ali m'chipatala pa boma, mkodzo unatsekeka masiku awiri, anawanyamula pangolo mpaka pamsewu. Ndinakwera basi ya m'mawa mwake. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Chipata, n'kusinthira minibasi ya ku Lundazi, ndi ulendo woti munthu amaganiza zonse zimene wakhala akuzithawa. Tisanafike n'komwe pa mlatho wa Luangwa, jekete ija, kampando kaja ndi mawu akuti kuseri zinali zitakumana m'mutu mwanga. Ndinapempha mayi amene ndinakhala naye kuti tisinthane malo, ndikhale kuwindo.

Dotolo anali mnyamata wa msinkhu wanga, wotopa koma waulemu. Poti ndinali mwana wophunzira wa pabanjapo, anandiitanira m'kaofesi kake n'kundifotokozera zonse, mpaka kujambula papepala. Anati ndi vuto lofala kwa amuna achikulire, kachiwalo kena kamatupa n'kupana njira ya mkodzo. Anati awaika kapaipi ndipo ululu watha, koma mkodzo unakhala ukubwerera m'mbuyo kwa nthawi yaitali ndipo impso zavulala kwambiri. Ndinamufunsa ngati zikanasiyana akanabwera nyengo yozizira ija imene ndinali kumudzi. Anandiyang'ana ngati akuyeza ngati ndingathe kunyamula, kenako anati inde, zikanasiyana kwambiri. Anawonjeza, mosafuna kunyoza, kuti vuto la madala athu ndi lakuti safunsa. Chiganizo changa chomwe chija, chili m'kamwa mwa munthu wina.

Amayi anali atapita kumsika kukagula nthochi. Amalume ndinawapeza panja pa wadi ya amuna, atakhala pakhonde la simenti, nsapato zili ndi matope a ku Magodi. Ndinakhala pambali pawo, ndipo m'pamene anandiuza zimene anakanena kudambo tsiku lija. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anati cholakwa ndi chawo, thenga sawonjezera mawu, iwo anawonjezera.

"Adziwa kuti wafika," anatero. "Anituma."

Ulendo uno ndinatsika pakhondepo n'kukhala pansi penipeni.

"Akuti yewo chomene pa kuvutika konse wavutika. Akuti manje usiye kufufuza, adotolo a kuno apeza kale. Akuti nkhani yawo yakudyela nthawi ya sukulu, ubwelele ukamalize."

Ndinalira pamenepo, pamaso pa anthu odikira odwala awo, kulira kwa pakamwa pululu kumene ndinasiya ndili mwana. Nditatha ndinapukuta kumaso ndi chitenje cha mayi wina amene sindimudziwa, n'kunena kuti, "Asibweni, mukawauze kuti sininafufuze. Mukawauze kuti ninakubwezani."

Amalume anapukusa mutu. "Iyo sininganyamule. Nanyamula zambili. Iyo ukatule wekha."

Tinalowa limodzi. Adada anali pa bedi lachitatu kuchokera pakhomo, atachepa thupi moti kolala ya malaya inkaoneka ya munthu wina. Atandiona, dzanja lawo linathamangira kukoka bulangete kuti libise thumba la mkodzo limene linkalendewera m'mbali mwa bedi. Bulangetelo linali lalifupi, ndipo anakhala akuligwira choncho nthawi yonse. Ndinagwada pansi mbali inayo, kumene sindikanaliona, n'kupereka moni. Anayankha, nafunsa za ulendo, nafunsa ngati mvula yafika ku Lusaka. Ndikanatha kutsata njira imeneyo mpaka belu lotulutsa alendo, ndipo mtima unkandikokera komweko.

"Adada," ndinatero, "asibweni anabwela kwa ine na mawu anu. Sininawamvele. Ninawabweza asanamalize kukamba. Ku Lusaka sininafunse munthu aliyense, sininatsegule buku lililonse. Amama ponifunsa ninanama. Mwadikila pachabe, adada, chifukwa cha ine."

Wodwala wa bedi loyandikana anatembenukira kukhoma, mwaulemu. Adada sanandiyang'ane. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, dzanja lili pabulangete paja. Kenako anatembenuzira mutu kwa amalume, amene anali ataimirira kumiyendo kwa bedi chipewa chili m'manja, ndipo analankhula nawo ngati ine ndili ku Lusaka.

"Alamu, mumuuze kuti namva."

"Akuti amva," anatero amalume kwa ine, ngakhale ndinali pafupi ndi adada kuposa iwo.

"Mumuuzenso kuti asakakambe kwa amake. Amake sangamukhululukile, ndipo nikapita adzafunika mwana."

Amalume anatsegula pakamwa kuti abwereze. Nthawi yomweyo amayi analowa ndi nthochi m'kapepala, akudandaula kuti zakwera mtengo, ndipo atandiona ndili chogwada anati ndidzuke, pansi pa chipatala sipogwada ndi siketi yabwino.

Adada anabwerera kumudzi ndi kapaipi kawo, ndipo anatisiya chimanga chisanakhwime. Digiri ndinalandira chaka chotsatira. Amayi anabwera ku Lusaka ndi amalume, ndipo dzina langa litaitanidwa analulutira kuposa amayi a anthu ena onse. Panja, tikujambulitsa, anauza pulofesa kuti mwana uyu ndi wolimba mtima, anachita sukulu uku akufunsira matenda a bambo wake kwa madotolo a mu Lusaka miyezi inayi yathunthu. Pulofesa anati sanadziwe zimenezo, ndipo anandigwira dzanja kachiwiri. Amalume anayang'ana nsapato zawo. Amayi alipo mpaka lero ku Magodi, amanena zomwezo kwa mlendo aliyense wofika pakhomo, ndipo ine ndimakhala pomwepo ndikuthira tiyi.